Tchalitchi cha pa Mbombwe Chimene Chinamangidwa Kawiri

Lero tili ku Chiradzulu, pamudzi wa Mbombwe kufupi ndi Nguludi, pamene pali mpingo wa Baptist umene ambirife timangoutchula ndi zilembo zitatu, PIM, kufupikitsa dzina lakuti Providence Industrial Mission.

Ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kunena mumtima kuti nkhani imeneyi tinaimva ku pulayimale. Nzoona. Abusa John Chilembwe timawadziwa, nkhope yawo ili pa K500 ndi pa K2000, ndipo pa 15 Januwale dziko lonse limapuma powakumbukira. Koma zimene aphunzitsi anatilembetsa m'makope ndi zochitika za masiku osakwana milungu iwiri, kuyambira pa 23 Januwale mpaka pa 3 Febuluwale 1915. Pamene mfuti zinkalira, mpingowo unali utatha kale zaka 15, ndipo kuchokera pamenepo wakhalanso zaka zoposa 100. Zaka zimenezo ndi zimene ndikufuna tikambirane, chifukwa pa Mbombwe panali akhristu, sukulu, minda ndi njerwa nkhondo isanabwere, ndipo zonsezi zinadzabwereranso itapita.

Tiyambire kwa mzungu wina wovuta kumusunga pamalo amodzi, Joseph Booth. Iyeyu anabadwira ku England, nakakhala ku Melbourne ku Australia kumene anali mkhristu wa Baptist komanso wochita malonda. Anafika kuno mu 1892 ali ndi mwana wake wamkazi wamng'ono, Emily, natsegula Zambezi Industrial Mission pa Mitsidi, kunja pang'ono kwa Blantyre. Amishoni a ku Scotland amene anawapeza sanakondwere naye. Iwo munthu ankamusunga m'kalasi zaka zingapo asanamubatize, pamene Booth ankati munthu wamkulu akakhulupirira ndi kuvomereza ndi pakamwa pake, madzi alipo, amizidwe. Antchito ankawalipiranso ndalama zambiri kuposa azungu anzake, ndiye adani anawapeza msanga, kutchalitchi ndi kuminda komwe. Mmodzi mwa anyamata amene anabwera kudzafuna ntchito kwa iye anali Chilembwe, amene anayamba ngati wantchito wa m'nyumba ndi wolera Emily. Booth anamubatiza mu Julayi 1893.

Mu 1897 awiriwa anakwera sitima yapamadzi kupita ku Amereka. Kumeneko njira zawo zinasiyana. Chilembwe analandiridwa ndi akhristu akuda a National Baptist Convention, anthu amene ambiri mwa iwo makolo awo, kapena iwo eni, anali atakhalapo akapolo. Mlembi wa nthambi yawo yotumiza amishoni kunja, Abusa Lewis Jordan, anathandiza kuti mnyamatayu akaphunzire ku Virginia Theological Seminary and College mumzinda wa Lynchburg. Mu 1900 anabwerera kwawo ali mbusa wodzozedwa, nagula malo okwana maekala 93 pa Mbombwe.

Apa pali chinthu chimene chimaiwalika kawirikawiri. Ndalama zoyambira mishoni imeneyi sizinachokere ku London kapena ku Edinburgh monga zinkakhalira ndi mamishoni ena. Zinkachokera m'mbale za chopereka za matchalitchi a anthu akuda a ku Amereka, ambiri mwa iwo osauka, ochapa zovala, olima thonje m'minda ya eni ake. N'chifukwa chake thandizolo linkabwera modukizaduka, ndipo mishoni inakhala yosowa kuyambira pachiyambi.

Matchalitchi amenewa anatumizanso anthu awiri. Abusa Landon Cheek anafika mu 1901, ndipo Mayi Emma DeLaney, a ku Florida, amene anaphunzira ku Spelman mumzinda wa Atlanta, anafika mu 1902. Tangoganizani mmene anthu a ku Chiradzulu anaonera zimenezi. Mmishoni amene ankamudziwa anali mzungu. Tsopano akuona mayi wakhungu ngati lawo, wolankhula Chingerezi chokhachokha, akuphunzitsa ana kuwerenga, amayi kusoka ndi kusamala pakhomo. Abusa Cheek anakwatira konkuno. Pamishoni anayesa kulima khofi ndi thonje, anyamata anaphunzira kuumba njerwa ndi kumanga, ndipo Mayi Ida, akazi a Abusa Chilembwe, anapitiriza kalasi ya kusoka. Pofika 1906 Abusa Cheek ndi Mayi DeLaney anali atabwerera kwawo. Dzina la Mayi DeLaney mulisunge, tikumana nalonso posachedwa.

Mpingo unakula, koma sunakulire pa Mbombwe pokha. Unakulira m'timatchalitchi ta mitengo, matope ndi udzu timene akhristu ankamanga m'midzi yawo. Katchalitchi kotere Lamulungu kanali kopemphereramo, Lolemba kanali sukulu. Ndipo ambiri mwa anthu amene ankadzazamo anali Alomwe amene anali kuwoloka kuchokera ku Mozambique, kuthawa nkhanza za Apwitikizi ndi njala. Anthuwa atafika kuno anapeza kuti malo abwino anagulidwa kale ndi azungu. Kumpoto kwa Mbombwe kunali esiteti yaikulu ya A. L. Bruce, likulu lake ku Magomero. Mwini wake, Alexander Livingstone Bruce, anali mdzukulu wa David Livingstone, ndipo woyang'anira anali William Jervis Livingstone. Wofuna kukhala pa malo amenewo ankalipira ndi thukuta lake, thangata: mwezi wa lendi, mwezi wina wa msonkho wa nyumba, ndipo miyeziyo inkatalika monga mmene kapitawo wafunira kuiwerengera. Chikoti chinali pafupi.

Bruce sankafuna sukulu kapena tchalitchi pa malo ake. Munthu angafunse kuti katchalitchi ka udzu kanali ndi chiyani choopsa kwa munthu wa maekala zikwizikwi. Yankho lake silovuta. Munthu wodziwa kuwerenga masiku amadziwa kuti mwezi watha. Wodziwa kulemba akhoza kulemba dandaulo. Komanso mumpingo wa Baptist akhristu amasankha okha madikoni awo, amasunga okha chopereka, amaweruza okha milandu yawo. Mlomwe amene mkati mwa sabata ankaitanidwa ndi mluzu, Lamulungu ankavala jekete naimirira kutsogolo, anthu n'kumamumvera. Zimenezi William Jervis Livingstone anaziona, ndipo matchalitchi a PIM amene anamangidwa pa esitetiyo anawatentha. Akhristu akamanganso, ankatenthanso.

Nthawi yomweyo pa Mbombwe penipeni pankakwera tchalitchi chachikulu cha njerwa zootcha, chokhala ndi nsanja, chimene anachitcha New Jerusalem. Ntchito inayamba cha m'ma 1911 ndipo inatha mu 1913, m'zaka zimene kunali chilala ndi njala m'dera lonselo. Amene munaumbako njerwa mukudziwa chimene ndikunena: kukumba dothi, kutunga madzi, kuponda, kuthira m'chikombole, kuyanika, kupanga uvuni, kufuna nkhuni, kuchezera moto usiku wonse. Anthu amene anachita zimenezi ndi omwe aja otopa ndi thangata. Chithunzi china cha m'chaka cha 1914 chikuonetsa Abusa Chilembwe ataima panja pa tchalitchicho ndi mnzawo wachizungu, John Chorley wa ku Zambezi Industrial Mission, onse awiri atavala zipewa, m'nthawi imene munthu wakuda ankayenera kuvula chipewa akaona mzungu. Chithunzi chimenecho ndi chimene katswiri wa zaluso wa ku Malawi, Samson Kambalu, anaumbira chifanizo chake chotchedwa Antelope, chimene chinaimikidwa pa Trafalgar Square ku London mu Seputembala 2022.

Tchalitchicho chinasiya ngongole. Abusa Chilembwe anali kudwala mphumu, maso anali kufooka, ndipo ndalama zochokera ku Amereka zinali zosadalirika. Kenako mu 1914 kunabuka nkhondo ya azungu. Mu Seputembala asilikali akuda anafa ku Karonga pomenyana ndi Ajeremani, ndipo amuna ambiri anayamba kugwidwa kuti akhale atengatenga. Mu Novembala Abusa Chilembwe analemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times, kufunsa chifukwa chimene munthu wosauka wa kuno ayenera kufera nkhondo yosakhala yake, kusiya amasiye amene adzafunsidwabe msonkho. Boma linailetsa kalatayo.

Zotsatira zake mukuzidziwa, ndiye ndidutsapo mofulumira. Usiku wa Loweruka pa 23 Januwale 1915, anthu a pa Mbombwe anaukira Magomero. William Jervis Livingstone anaphedwa nadulidwa mutu. Anaphedwanso Duncan MacCormick ndi Robert Ferguson. Amayi ndi ana achizungu anagwidwa koma sanaphedwe. Gulu lina linapita ku sitolo ya Mandala ku Blantyre kukafuna mfuti ndipo linabwerako ndi zochepa chabe. M'mawa mwake Lamulungu, mapemphero anachitika mu New Jerusalem mutu wa Livingstone uli pamtengo. Patapita masiku awiri mishoni ya Akatolika ya Nguludi inatenthedwa, wansembe navulazidwa kwambiri. Sindibisa zimenezi, ndipo sindikuganiza kuti mpingo uyenera kuzibisa. Zinachitika m'nyumba ya Mulungu ndi m'dzina la anthu ozunzidwa, ndipo munthu woona mtima ayenera kunena zonse ziwiri, thangata ndi mutu uja. Pa 3 Febuluwale Abusa Chilembwe anawomberedwa ku dera la Mulanje akulowera kumalire a Mozambique. Anthu pafupifupi 40 anaphedwa ndi boma ataweruzidwa mwachangu, pakati pawo John Gray Kufa ndi Duncan Njilima, ndipo pafupifupi 300 anaponyedwa m'ndende. Ena ambiri anaphedwa m'midzi ndi m'tchire popanda mlandu kuzengedwa.

Tchalitchi cha New Jerusalem, chimene chinali chisanathe ngakhale zaka zitatu, asilikali a boma anachiphulitsa ndi mabomba. PIM inaletsedwa.

Mabuku ambiri a sukulu amathera pamenepa. Koma mvetserani zimene zinatsatira.

Kwa zaka 11 pa Mbombwe panalibe mbusa, panalibe sukulu, panalibe belu. Kudziwika kuti ndiwe wa mpingo wa Chilembwe kunali kudziitanira mavuto. Ena analowa mipingo ina, ndipo sindiwaweruza. Mwana amafunika sukulu, maliro amafunika wowerenga mawu. Koma ena anakhalabe a PIM mwakachetechete, kupemphera m'nyumba zawo, ndipo amene anatuluka m'ndende anabwerera ndi chikhulupiriro chawo chomwe chija. Mpingo wopanda nyumba, wopanda mbusa, wopanda chilolezo unakhalapobe mpaka tsiku limene zinatheka kupempha boma kuti utsegulidwenso. Kwa ine, zaka 11 zimenezi ndi zimene zimasonyeza kuti pa Mbombwe panabzalidwa mpingo weniweni. Chikanakhala chipani cha munthu mmodzi, chikanatha pa 3 Febuluwale.

Tsopano tibwerere kwa Mayi DeLaney. Pamene ankaphunzitsa pa Mbombwe anali ndi mnyamata wa m'deralo amene ankawathandiza ntchito za pakhomo ndi kuwamasulira, Daniel Malekebu. Mayiwa atabwerera ku Amereka, mnyamatayo anatsimikiza mtima kuwatsatira, makolo ake asakufuna. Anayenda mpaka ku doko la Beira, napeza ntchito m'sitima yapamadzi kuti alipirire ulendo, nadutsa ku England, mpaka anafika ku Amereka cha m'ma 1907. Kumeneko anaphunzira ku Selma ku Alabama ndi ku Durham ku North Carolina, kenako analowa Meharry Medical College ku Nashville, kumene anamaliza maphunziro a udokotala mu 1917. Ameneyu ndiye Mmalawi woyamba kukhala dokotala wa digiri. Dr Hastings Kamuzu Banda anadzamaliza pa koleji yomweyo mu 1937, patapita zaka 20. Ndikafunsa ana asukulu lero kuti dokotala woyamba wa dziko lino anali ndani, sindikuganiza kuti ambiri angatchule Malekebu, ndipo cholakwa si cha anawo.

Malekebu anaphunziranso za ubusa, ndipo mu 1919 anakwatira Flora Zeto, mayi wobadwira ku Congo amene anakulira ku Amereka naphunzira ku Spelman. Mu 1921 banjali linanyamuka kubwera kuno kudzatsegulanso mishoni. Boma la atsamunda linawakaniza. Kwa bomalo, munthu wakuda wophunzira ku Amereka, wa Baptist, wochokera pa Mbombwe, anali Chilembwe wachiwiri. Anabwerera, nakakhala kanthawi ku South Africa, kenako ku Liberia kumene anakagwira ntchito pa sukulu ya Ricks Institute. Ku Liberia komweko n'kumene Mayi DeLaney anali atatsegula mishoni ya Suehn mu 1912. Mayiwa anamwalira mu 1922, osaona mwana wawo wa sukulu uja akubwerera kwawo.

Chilolezo chinadzaperekedwa National Baptist Convention itachonderera kwa nthawi yaitali, ndipo mu 1926 Dr Malekebu ndi Mayi Flora anafika pa Mbombwe. Anapeza tchire ndi milu ya njerwa zosweka. Anapezanso anthu akuwadikira.

Apa ndipo pali nkhani yovuta kuiweruza, ndipo ndikufuna tiimepo pang'ono. Malekebu analoledwa kubwera chifukwa boma linakhutira kuti sadzayambitsa chipolowe. Ndipo sanayambitsedi. Ankalemekeza bwanamkubwa, ankagwirizana ndi DC, sukulu zake zinkatsata malamulo a boma. Alipo amene amamuona ngati munthu amene anazimitsa moto wa Chilembwe, wofatsa mopitirira muyeso. Ine sindikuona choncho. Munthu ameneyu ankadziwa kuti maso a boma ali pa iye usana ndi usiku, ndi kuti ulaliki umodzi wolakwika ukanatseketsa mishoni kachiwiri, mwina kwamuyaya. Ankalalikira kwa amasiye a anthu amene ananyongedwa, pamalo pamene asilikali anaphulitsa tchalitchi, ndipo tsiku lotsatira ankayenera kupita ku boma kukapempha chilolezo cha sukulu kwa anthu a boma lomwelo. Kulimba mtima kotere kulibe nyimbo, koma sindikuona kuti n'kochepa. Iye anasankha kuti pa Mbombwe pakhale ana owerenga ndi odwala olandira mankhwala, ndipo mtengo wake unali kumeza mawu ambiri amene mwina akanakonda kunena.

Njerwa zinaumbidwanso. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1920 ntchito yomanga tchalitchi chatsopano inayamba, ndipo chinatha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930. Anachitchanso New Jerusalem, pafupi ndi mabwinja a choyamba chija. Kusankha dzina lomwelo, boma likuona, kunali kunena zambiri popanda kutsegula pakamwa. Chimenechi ndi tchalitchi chimene mumachiona pa kanema pa 15 Januwale atsogoleri akamapita kukapemphera ndi kuika nkhata za maluwa. Ambiri amaganiza kuti akuona tchalitchi cha Chilembwe. Ayi, akuona cha Malekebu ndi cha anthu amene anapulumuka. Cha Chilembwe chinatsala maziko.

Sukulu zinatsegulidwanso, Mayi Flora nagwira ntchito yaikulu pakati pa amayi ndi atsikana. Chipatala chinamangidwa, nachitcha dzina la James E. East, mlembi wa National Baptist Convention amene anavutikira kuti mishoniyi itsegulidwenso. Ndipo mpingo unayenda ndi miyendo ya anthu ake. Amuna a ku Chiradzulu, Mulanje ndi Thyolo amene ankapita ku Halale, ku migodi ya ku Joni ndi kumadera ena kukafuna ntchito ankapita ndi mpingo wawo. Akakumana anayi kapena asanu m'komboni, ankayamba mapemphero, kenako n'kulemba kalata ku Mbombwe kupempha mbusa woti adzawabatize. Motero mpingo wa pamudzi unakhala ndi nthambi ku Southern Rhodesia, ku South Africa ndi ku Mozambique, ndipo mu 1945 Malekebu anaziphatikiza pansi pa dzina la National Baptist Assembly of Africa. Amishoni a Southern Baptist a ku Amereka, amene ntchito yawo inabala Baptist Convention of Malawi, anadzafika kuno mu 1959, n'kupeza kuti Abaptist akuda akhala akumiza anthu m'mitsinje ya ku Chiradzulu kwa zaka pafupifupi 60.

Nkhaniyi sinathe mokoma monga tikanafunira. Dr Malekebu anatsogolera mpingo kwa zaka zoposa 40, ndipo munthu akakhala pampando nthawi yaitali chotero, funso la wolowa m'malo limakula mobisika. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 panabuka kusamvana pa za kayendetsedwe ka ndalama pakati pa iye ndi likulu la ku Amereka. Mu 1971 anachoka paudindo napita ku Amereka, ndipo Abusa Leonard Muocha anatenga utsogoleri. Akhristu anagawanika, ena kumbali ya mtsogoleri watsopano, ena kumbali ya dokotala wawo wakale, mpaka panabadwa mpingo wina wa Baptist wodziimira pawokha. Mpingo umene mabomba a atsamunda analephera kuuthetsa unang'ambika chifukwa cha mabuku a ndalama ndi mpando. Amene muli m'mipingo yathu ya lero, ya dzina lililonse, simukudabwa. Malekebu anadzabwerera kuno ali nkhalamba, namwalira mu 1978. Mpingo umene unatsala pa Mbombwe umadziwikanso ndi dzina la African Baptist Assembly.

Amene mukufuna kuwerenga zambiri, buku la George Shepperson ndi Thomas Price lotchedwa Independent African, la mu 1958, ndilo linafufuza mozama za Chilembwe ndi Booth. Landeg White analemba Magomero mu 1987, ndipo m'menemo mumamveka kwambiri mbali ya Alomwe a pa esiteti. Za mpingo weniweniwo, kuphatikizapo nthawi ya Malekebu, analemba ndi Patrick Makondesa, amene ndi wa mumpingo womwewo, ndipo buku lake linasindikizidwa ndi Kachere ku Zomba. Onsewa ali m'Chingerezi, chimene ndi chinthu chondidandaulitsa, poti zidzukulu za anthu amene anaumba njerwa zija zambiri zikanakonda kuwerenga nkhani ya agogo awo m'chinenero chimene amapempherera.

Nthawi yatithera, omvera. Sabata yamawa tidzakwera kumtunda ku Ntcheu, ku Gowa, kumene Abaptist a ku Scotland, atakopedwa ndi Joseph Booth yemwe uja, anatsegula mishoni m'zaka za m'ma 1890, imene pambuyo pake inapita m'manja mwa a Churches of Christ.